Nyali Khumi ndi Ziwiri za ba Mukupa

Nyali khumi ndi ziwiri pa mtengo wa nkhuku imodzi ndi wailesi yakufa! Inu, tamverani. Munthu akakugulitsani katundu, n'kukunyamuliraninso mpaka pa basi osapempha ngakhale ya madzi akumwa, muzikhala pansi kaye n'kudzifunsa kuti mwalakwira ndani. Koma ba Mukupa sanakhale pansi. Anafika nazo kwawo ku Mtendere, komboni ya mu Lusaka, chifuwa chili patsogolo ngati agula ndege.

Ndiyambe bwino, kuti musasochere. Ba Mukupa ndi wolemba zikwangwani. Sukulu ya zimenezo sanapondeko, anaphunzirira pa makoma a eni ake. Zikwangwani zonse za mu msewu uja, kuyambira "Pano Timeta" mpaka "Osakodza Pano", ndi dzanja lawo. Ndiwonso anali cheyamani wa kagulu ka anthu aluso kamene kankasonkhana mu holo yakale ya kanema: oimba ng'oma, ovina, bambo wina wosema ng'ona ndi njovu zamtengo, amayi osoka zikwama za chitenge, ndi okhoma mbaula amene ankati nawonso ndi achikhalidwe chifukwa amachita phokoso.

Chaka chimenecho zinthu zinali zitathina. Kwacha inkaonda tsiku ndi tsiku, thumba la ufa likunenepa. Magetsi ankabwera ngati mlendo wamanyazi, anthu atagona, n'kuchoka asanadzuke. Nyama tinkaiona pa zikwangwani za ba Mukupa basi, ndipo ankaijambula bwino moti ena ankadutsa apo atanyamula nsima.

Tsiku lina mwini holo, ba Petronella, mayi wamasiye amene amuna awo ndiwo ankaonetsa kanema kale, anawaitana.

"Nkalani pansi, ba Mukupa. Ba Kasoma ba hadiweya bafuna holo iyi. Bafuna kusungilamo simenti."

"Simenti, mayo? Mu nyumba ya chikhalidwe?"

"Simenti siliza ng'oma nikagona. Imankala chabe zii."

"Koma mayo, malo aya ni ozibika!"

"Ozibika kuli ndani? Imwe mukakwela basi mumakamba kuti museluka kuti?"

Ba Mukupa anayang'ana nsapato zawo. "Pa Ngalande."

Ndi zoona. Kutsogolo kwa holoyo kumadutsa ngalande, ndipo ngalandeyo inali yotchuka kuposa ovina onse, chifukwa iyo inkamveka ngakhale kwa munthu wotseka maso.

"Bamuna banga banamanga holo iyi kuti bantu bazibwela," anatero ba Petronella. "Nikupasani mpaka Khrisimasi. Kondakita akakuwa zina lina pa siteji iyi, osati Ngalande, bantu baseluke babwele kuno, munkale. Ngati iyayi, simenti ingena. Koma osamugulila mowa kondakita. Nizaziba."

Ba Mukupa sanagule mowa. Anangopita kukacheza ndi Chilekwa, kondakita wa pakamwa potambalala amene mawu ake amamveka basi ikadali ku Kalingalinga.

"Mwana wanga, kuyambila mailo uzikuwa kuti Bwalo la Maluso."

"Bwalo la chani?"

"La Maluso."

"Ba mudala, zina sitipasa ise. Pasenja ndiye apasa. Akakamba 'nisiye pa chigayo', ni Pa Chigayo, olo chigayo chinapya kudala. Manje ndani anakambapo 'nisiye pa maluso'? Bantu bakamba vamene baona na vamene banunka."

Mawu amenewo anawalowa. Zimene anthu aona! Madzulo ake anakhala ndi foni, akuyang'ana zithunzi za mizinda ya kunja, kumene nyumba zakale amaziwalitsa ndi nyali zochokera pansi, khoma lonse n'kumayaka ngati guwa la tchalitchi. M'mawa anaitanitsa msonkhano wa kagulu kawo.

"Anzanga," anatero ataimirira pa benchi, "masana mzinda suzibika. Masana aliyense ali na zuba, olo chimbuzi. Usiku ndiye nyumba ikamba kuti ine ndine ndani. Bazungu sibaika nyali pamwamba monga ise, monga basakila nsabwe. Baika pansi, iyangane kumwamba. Tikachita so, muntu ali mu basi azanyamuka eka, akambe kuti nisiyeni apa."

"Nanga malaiti yamene kulibe?" anafunsa wosema ng'ona.

"Ndiye ubwino wake. Komboni yonse mudima, ise cheka tiwala."

Jenereta anabwereka kwa wowotcherera zitsulo, posinthana ndi kumulembera chikwangwani chatsopano. Zinatsala nyali. Ndiye anamva za munthu wina ku Chaisa wogulitsa katundu wa makampani otsekedwa, ndipo chaka chimenecho munthuyo katundu sankamusowa.

Apa muyenera kudziwa kuti ba Mukupa amanyadira kunenerera mtengo kuposa mmene amanyadira ana awo. Ali ndi njira yawo: amatchula mtengo wachipongwe, wogulitsa n'kukwiya, iwo n'kuchoka, n'kuitanidwa, n'kuchokanso, katatu. Popita ku Chaisa anavala nsapato zofewa, kukonzekera maulendo atatuwo.

Nyalizo zinali pakona, pansi pa chisaka. Zinayi zikuluzikulu ngati mabeseni, ndipo zisanu ndi zitatu zazitali, za buluu, zili m'timakhola tawaya.

"Izi ni za ku hotela, ba kasitoma. Inavala, banaitseka."

"Hotela iti?"

"Ikulu."

"Nanga mawaya aya?"

"Sitayelo."

Ba Mukupa anakoka mpweya n'kuponya chipongwe chawo. "Ine nili chabe na nkuku imozi na wailesi."

"Wailesi ilila?"

"Ikafuna."

"Bweletsani."

Inu! Zinawapweteka. Munthu wakonzeka kuchoka katatu, ndiye sanachoke ngakhale kamodzi. Koma m'basi anadzitonthoza kuti mwina mbiri yawo inafika kale ku Chaisa, wogulitsayo anangoona kuti kulimbana nawo n'kutaya nthawi.

Kuyesa koyamba kunachitika dzuwa litangolowa. Anayala nyali zikuluzikulu zija pansi m'mbali mwa khoma la kutsogolo, za buluu anazipachika m'mphepete mwa denga, jenereta n'kukhosomola, n'kulira. Khoma linayaka. Ana anakuwa. Ba Mukupa anapinda manja n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, monga amachitira akamaliza chikwangwani, mpaka anatsala pang'ono kugwera mu ngalande.

Koma nyali yochokera pansi ilibe ulemu. Ming'alu yonse imene dzuwa linkaibisa mwachifundo inatuluka poyera, yakuda, yanthambi, ngati mapu a mitsinje ya dziko lonse. Ba Kasoma a hadiweya anali ataima pamenepo, manja m'matumba, akuloza ndi chibwano.

"Apa thumba limozi. Apa yabili. Apa, awe, apa ni pemphelo chabe."

Ba Mukupa asanayankhe, nyali zija zinatentha, ndipo zitatentha zinayamba kukumbukira kwawo. Kunatuluka fungo la mafuta a nyama, lakalekale, la soseji amene anadyedwa boma lina lisanalowe. Agalu anayamba kufika. Woyamba, wachiwiri, kenako onse a Mtendere, ngakhale aja sagwirizana. Anakhala pansi m'mizere kuyang'ana khoma, malilime panja, mwaulemu kuposa anthu amene ankabwera ku kanema.

Ba Petronella ananunkhiza. "Ba Mukupa, nyali izi zinunka butchala. Izi za buluu si zija bamaika pamwamba pa nyama, zoitana nchenche?"

"Ni fungo ya hotela, mayo. Kukichini."

"Hotela yanu inali kugulitsa mapwapwa."

Tsiku lotsatira kagulu konse kanakhalira kutsuka nyali ndi sopo ndi phulusa. Agalu anachepa, ngakhale awiri atatu okhulupirika sanataye mtima.

Pofuna kubisa ming'alu, ba Mukupa anasamutsa nyali ziwiri zikuluzikulu, kuziika patali pang'ono kuti ziwalitse khoma la m'mbali, limene linali losalala. Chimene sanaganize n'chakuti pakati pa nyalizo ndi khomalo pamadutsa kanjira kopita ku shabini ya kuseri. Ndipo kanjirako kanali ndi mwini wake: ba Isaiah, dikoni wa mpingo wina wa pafupi, munthu amene Lamlungu lililonse ankaopseza oledzera ndi moto, ndipo madzulo alionse ankapita kuseriko "kukawachenjeza pafupi."

Madzulo amenewo siteji inali yodzaza, anthu akuweruka, amayi akugulitsa tomato ndi makala. Jenereta inalira. Pa khoma panatuluka chimunthu chachitali kufika padenga: chipewa, jekete, Baibulo m'khwapa. Aliyense anachizindikira, chifukwa chipewa chimenecho mu Mtendere n'chimodzi. Chimunthucho chinaima. Chinayang'ana uku, chinayang'ana uko. Chinatulutsa m'jekete chipaketi cha mowa wamasese chachikulu ngati firiji, n'kuchikhutchumula mwaluso, uku ndi uku, n'kupendeketsa mutu kumwamba.

Siteji yonse inaomba m'manja. Wina anakuwa kuti kanema wabwerera. Mkazi wa ba Isaiah, amene ankagulitsa tomato pomwepo, sanaombe. Anangopukuta manja pa chitenge n'kulowera ku kanjira kaja, ndipo pa khoma panaoneka gawo lachiwiri.

"Nenze kuithila pansi!" ankakuwa ba Isaiah. "Nenze kuononga nchito ya Satana!"

"Pansi ni mukamwa mwanu?" anafunsa mkazi wawo.

M'mawa ba Mukupa anapeza amuna oposa khumi pakhomo pawo, ena aulemu wawo ndithu, onse akupempha kuti nyali za m'mbali zichoke. Apa m'pamene anadziwira kuti mdima nawonso uli ndi makasitomala ake, ndipo ambiri ndi okwatira.

Kwa masiku angapo anthu ankati malowo ndi Pa Dikoni, ndipo ba Mukupa, ngakhale dzinalo silinali lawo, anathamangira kwa Chilekwa ali ndi kachiyembekezo.

"Awe, iyo siningakuwe," anatero Chilekwa. "Bamayo bapemphela kwamene uko. Mufuna nikagone panja?"

Novembala anafika pakati. Ba Kasoma anayamba kubwera ndi tepi, kuyeza chitseko cha holo ngati lole ingalowe chobwerera. Ba Mukupa anaona kuti chatsala n'chimodzi: mwambo waukulu wotsegulira. Analemba chikwangwani chachitali ngati bedi, BWALO LA MALUSO A MTENDERE, zilembo zagolide. Anaitana alendo a ku mayadi, aja amagula njovu zamtengo. Anapita ku salaula, kogulitsa zovala za kaunjika, n'kupeza suti yoyera mbee, ya munthu wina wa kunja amene ayenera kuti anali wamfupi miyendo koma wamtima waukulu.

Masana a tsikulo kunagwa mvula yoyamba. Yamphamvu, ya fungo la dothi, yoti ngalande inadzuka n'kuyamba kuyenda. Inakata dzuwa lisanalowe, kunja n'kukhala bata, kofunda. Ba Mukupa anati ndi madalitso. Munthu aliyense wokulira kumudzi akanawauza zimene zimatsatira madzulo otere, ndipo iwonso ankazidziwa, koma mutu wawo unali ku Ulaya.

Mdima unagwa. Magetsi, mwa chizolowezi chawo, kunalibe kuyambira Mtendere mpaka kumene maso afika. Jenereta inalira, nyali zonse khumi ndi ziwiri zinayaka, ndipo ndinene zoona, zinali zokongola. Khoma loyera pansi, buluu pamwamba, ovina atavala zoyera m'miyendo. Koma chowala koposa zonse chinali suti ya ba Mukupa. Pansi pa nyali za buluu zija inkayaka yokha ngati mwezi wavala tayi.

Ng'oma zinalira, zinaleka. Ba Mukupa anakwera pa benchi.

"Olemekezeka alendo athu, amayi ndi abambo, lero mzinda uno wapeza nkhope ya..."

Kanthu kanawatera pamlomo. Anakalavula mwaulemu.

"...wapeza nkhope yake. Kuyambira lero, munthu akadutsa pano..."

Tiwiri tina tinatera pa tayi. Kenako khumi pa phewa. Anthu anayang'ana kumwamba, ndipo kumwambako kunali kukubwera chimtambo chonyezimira, chochokera ku zulu zonse za kum'mawa kwa Lusaka, chikulunjika pa kuwala kokhako kumene kunalipo mu dziko.

Mayi wina kumbuyo anakuwa ndi mawu a munthu amene sanalawe nyama kuyambira Isitala:

"Inswa!"

Inu a ku Malawi mumati ngumbi. Dzina lililonse limene mungazitche, tangoganizani ndiwo zaulere zikugwa kuchokera kumwamba, m'chaka chimene kapenta ankagulitsidwa powerenga maso. Mwambo unathera pomwepo. Anthu anabalalika ngati kwagwa bomba, ba Mukupa n'kuganiza kuti athawa, koma ayi, anapita kukatenga zida. Anabwerera ndi mabeseni, ndowa, mapoto, zitini za penti, wina ndi bafa la mwana, mwanayo ali momwemo. Oimba ng'oma anatembenuza ng'oma zawo n'kuyamba kuwolera m'kati. Ovina anavula zitenge za m'chiuno kukhala maukonde. Mayi wina wa ku mayadi, wa magalasi ndi nsapato zazitali, anakhuthulira pansi zonse za m'chikwama chake n'kulowa m'gulu akukankha ndi zigongono ngati anabadwira ku komboni ya amphawi ya Misisi.

Ba Petronella sanathamange. Anaitanitsa mabeseni awo onse, anathiramo madzi, n'kuika limodzi pansi pa nyali iliyonse ya buluu, iwo n'kukhala pampando pakati ngati mwini dziwe. Ba Isaiah anali atagwada m'matope, chipewa chija chili chodzaza, akufuula kuti ndi mana a m'chipululu, ndipo kwa nthawi yoyamba mpingo wonse unagwirizana nawo.

Nanga ba Mukupa? Ndakuuzani kuti suti yawo inkawala kuposa nyali. Inswa nazo zinaona chimodzimodzi. Zinawaphimba kuyambira kolala mpaka m'mawondo, munthu n'kusanduka chulu choyenda. Anati atsike pa benchi, amayi atatu anawazinga ndi timatsache.

"Osagwedezeka, ba cheyamani! Muzitaya!"

"Nili pakati pa sipichi!"

"Kambani chabe, ise tipyanga. Imikani manja. Pindamukani."

Anaima pamenepo manja ali m'mwamba, akuzungulira pang'onopang'ono, akusesedwa ngati khonde, beseni lili kumapazi. Chikwangwani chagolide chija anthu anali atachigwetsa kale, akuyanikapo zimene agwira.

Ndiye kunamveka hutala. Basi inatulukira pa kona, Chilekwa akulendewera pachitseko, ndipo m'katimo anthu anali ataimirira kale, akumenya denga, aliyense akukuwa chinthu chimodzi. Chilekwa anatsegula pakamwa paja:

"Pa Inswa! Pa Inswa! Oseluka pa Inswa, fastelani!"

Basi yonse inatsika. Dalaivala anazimitsa injini n'kutsika ndi chipewa m'manja.

Ba Petronella anayang'ana ba Mukupa, amene phiko limodzi linali litawamatira pa chikope.

"Mwamvela? Munkale."

"Koma mayo, zina ni Bwalo la..."

"Ninakamba zina lina. Sininakambe liti."

Kuyambira pamenepo, madzulo alionse mvula ikakata, anthu ankabwera ndi mabeseni kuchokera ku Kalingalinga ndi kutali kwina. Ndipo poti inswa sizisunga nthawi, podikira ankaonera magule. Ovina amene kale ankavinira mabenchi anayamba kuvinira anthu. Okhoma mbaula anagulitsa zonse, chifukwa inswa zimafuna kukazinga pomwepo. Amayi a zikwama anayamba kusoka timatumba. Wosema uja anasiya ng'ona n'kuyamba kusema inswa zazikulu ngati mkono, ndipo a ku mayadi ankazigula kukaika pa tebulo.

Ba Kasoma anaonerera zonsezi akuwerenga mabeseni ndi chibwano chija. Holo inali itawapulumuka, koma munthu wamalonda salira nthawi yaitali. Chaka chatsopano chitangolowa anapita kwa ba Mukupa.

"Mudala, nigulitseni zija za buluu. Niike ku yadi kwanga."

Apa mtima wa ba Mukupa unadumpha, chifukwa maulendo atatu aja a ku Chaisa anali akadali m'miyendo. Anachoka koyamba. Anaitanidwa. Anachoka kachiwiri mpaka pa ngalande. Kachitatu anakafika kunyumba n'kumwa tiyi, ba Kasoma akudikira panja. Ndipo sananame ngakhale pang'ono.

"Ba Kasoma, nikuuzeni zoona. Nyali izi ziitana chilichonse chamene chimbululuka."

"Ndiye vamene nifuna."

Anagwirizana matumba khumi ndi asanu a simenti. Ba Kasoma anapachika nyalizo ku yadi kwawo, anagula mabeseni atsopano, n'kukhala pansi kudikira. Koma inswa zili ndi nyengo yake, ndipo nyengoyo inali itatha sabata yomweyo. Zina zonse zouluka zinabwera mokhulupirika: njenjete, zikumbu, ntchentche za m'misika itatu. Ndi agalu awiri aja.

Simentiyo inamata ming'alu yonse, ngakhale uja wa pemphero. Nyali zinayi zikuluzikulu zikadalipo, zikuwalitsa khoma kuchokera pansi monga kwa azungu, ndipo inswa za chaka chotsatira zinabwera ndithu, poti sizisankha mtundu wa nyali. Pa khomapo pali chithunzi chachikulu cha inswa yotambasula mapiko. Anailamula ndi ba Petronella. Anaijambula ndi ba Mukupa, akudandaula mumtima, koma dzanja lawo silidziwa kuipitsa.

Ndiye mufunsa kuti mtengo weniweni wa nyali zotchipa zija analipira ndani. Mudzati ba Kasoma, matumba khumi ndi asanu. Iwo analipira kamodzi n'kuiwala. Kwerani basi ya ku Mtendere madzulo, mudzaona mdala wa penti m'zikhadabo atakhala pafupi ndi chitseko. Basi ikayandikira khoma lowala lija, amakonza kukhosi n'kunena momveka bwino:

"Bwalo la Maluso."

"Kuti, ba mudala?" amatero Chilekwa, dzanja kukhutu.

"Bwalo la Maluso a Mtendere."

"Siniziba uko. Pali oseluka pa Inswa?"

Ena amatsika. Mdalayo amakhala, maso kutsogolo, chibwano m'mwamba. Amakatsikira pa siteji yotsatira n'kubwerera wapansi m'matope, m'mbali mwa ngalande.

Mtengo wake ndi mapeya awiri a nsapato pa chaka, ndipo akuti sanayambe n'kuunenerera komwe.